Siketi Yakuda Pamkeka wa Malemu

Zovala zonse zimene Chiyamiko ankapita nazo kuntchito zinkakwana pamkono umodzi, ndipo iye sankachita nazo manyazi. Anazisonkhanitsa yekha, chimodzichimodzi, ngati mbalame yomanga chisa ndi udzu wotola m'mabwalo a eni ake.

Ntchitoyo anaipeza mochedwa. Digiri yake inayamba yazungulira maofesi a mu Blantyre mpaka envulopu inada m'mphepete, kenako kampani ina ya inshuwalansi ku Limbe inamutenga kuti azikhala polandirira alendo, mongomuyesa kaye. Bwana wake anali mayi wamtali wosaseka, amene aliyense ankangomutchula kuti Madamu. Tsiku loyamba Madamu anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Munthu akalowa pakhomo apo amayamba waona inu asanaone kampani," anatero Madamu. "Chitenje, jinzi ndi tisheti muzisiya ku Bangwe. Mnzanu amene anali pampando uwu sanamve zimenezi, n'chifukwa chake lero mpandowu uli ndi inu."

Malipiro a munthu woyesedwa sagula zam'sitolo. Tsono Chiyamiko anadziikira lamulo limodzi: chovala chilichonse cholowa m'nyumba chizigwirizana ndi zinzake zonse. Chokana chinzake, ngakhale chikongole chotani, chitsale pamulu pomwepo.

Loweruka m'mawa ankalawirira kukaunjika mumsika wa Limbe, nthawi imene mavenda amadula zingwe za mabelo. Azimayi ena ankalumphira zonyezimira, kukokerana diresi limodzi mpaka kutukwanizana. Iye ankadikira kuti fumbi litsike, n'kutola chovala chimene anzake achiponda, n'kuchitembenuza kunja kukhale m'kati. Ankayendetsa chala mumsoko, kusuzumira m'khwapa, kukoka zipi, kutikita nsalu ya m'kati kuti amve kulimba kwake. Nkhope ya chovala imanama, iye ankatero, koma m'kati simunama. Mavenda anali atamuzolowera.

"Afika apolisi aja," ankauzana. "Bisani zong'ambika."

Chimene wagula ankapita nacho kwa a Hafizi, telala wa pakhonde la golosale pafupi ndi siteji ya minibasi, kuti achichepetse chimukhale bwino. Patatha miyezi ingapo anali ndi siketi yakuda yotsika pang'ono pamawondo, thalauza lotuwa, jekete yabuluu wodera, mabulauzi awiri oyera ndi ina yamizeremizere. Basi. Lero siketi ndi jekete, mawa thalauza ndi yamizere, mkuja siketi yomweyo popanda jekete koma kansalu m'khosi. Ku ofesi ankaganiza kuti mtsikanayu ali ndi sutikesi yodzaza. Siketi yakudayo ndiyo inali mayi wa zonse. Inkapita kuntchito, kutchalitchi, kuukwati, osadandaula.

Mdani wa zovala zimenezi anali m'nyumba momwemo. Chiyamiko ankakhala kwa mchimwene wake Raymond ku Bangwe, ndipo mkazi wa Raymond, Olive, anali mayi wathupi, mwini saluni, wofuna kuti akamadutsa ngakhale agalu acheuke. Ukwati uliwonse iye nsalu yatsopano, chinkhoswe chilichonse sitayilo yatsopano.

"Alamu, lero wamwalira ndani ku Limbe?" ankafunsa m'mawa Chiyamiko akamatuluka. "Digiri yonseyo n'kumavala ngati wogulitsa mabokosi a maliro?"

Chiyamiko ankangotseka chitseko n'kumapita. Wogona m'nyumba ya mwini sayankha zonse.

Vuto linali posunga. Chipinda cha Chiyamiko chinali chakuseri, chodontha, ndipo makoswe a mmenemo anali atalawa kale kolala ya bulauzi ina. M'nyumba monse wadiropu inali imodzi, kuchipinda kwa Olive. Raymond anachonderera. Olive anapinda mlomo, kenako anakankhira madiresi ake mbali imodzi n'kusiya kampata kosaposa chikhatho.

"Ikani apa. Koma maliro anuwo asakhudze lesi yanga."

Olive anagwa ku saluni Loweruka lina masana, akuluka tsitsi la munthu. Inali bipi. Pofika naye kuchipatala n'kuti atatsirizika kale. Tsiku limenelo Chiyamiko anali atachapa, kusita ndi kupachika zovala zake zonse m'kampata kaja, kupatula bulauzi imodzi yoyera imene inali ndi dontho la tiyi, yomwe anaisiya itanyikidwa mubeseni.

Dzuwa lisanalowe abale a Olive anafika kuchokera ku Thyolo, patsogolo pali mkulu wake, Jesinta. Asanakhale n'komwe pansi kuti alire, Jesinta analowa kuchipinda kwa malemu, anasankha zoveka mtembo, anakhoma chitseko, kiyi n'kumangirira pansonga ya chitenje chake. Ndi mmene amachitira kwawoko: chipinda cha malemu sichitsegulidwa mpaka tsiku logawa zovala, kuopa kuti manja a kuchimuna angayendemo. Komanso Olive sanasiye mwana, tsono abale ake ankayang'anitsitsa ngakhale masupuni.

Madamu anamupatsa Chiyamiko sabata yamaliro. "Lolemba linalo ndikuoneni pampando," anatero pafoni. "Mukudziwa kuti kuyesedwa kwanu kukutha mwezi uno."

Maliro anakaikidwa ku Thyolo. Loweruka lotsatira onse anabwerera ku Bangwe kudzagawa zovala. M'mawa wa tsikulo Chiyamiko anamupeza Raymond kuseri kwa nyumba akutsuka m'kamwa, maso ali psuu.

"Achimwene, zovala zanga zantchito zili m'chipinda chija. Kawauzeni amalume a malemu asanayambe kugawa."

Raymond analavula madzi. "Anthu awa akufunafuna pondigwirira. Wamva zimene ankanena kumudzi kuja? Akuti mkazi wanga ankadwala bipi ine ndili kumpira. Ndikangotchula za katundu, mawa Bangwe yense amva kuti akuchimuna alanda chuma cha malemu. Iwe khala chete. Zako zija angazifune ndani? Azitaya pambali, iwo akapita utola."

"Nanga akapanda kutaya?"

"Chiyamiko, ndangoika mkazi wanga m'manda. Usandifunse za siketi."

Mikeka anaiyala pabwalo, pansi pa mtengo wa mapeyala, chifukwa m'nyumba munali motentha ngati m'ng'anjo. Azimayi a ku Thyolo anakhala mbali imodzi, miyendo atatambasula. Chiyamiko anakhala kumapeto, pafupi ndi mpopi, atavala chitenje ndi tisheti. Amuna anali awiri okha pamipando: Raymond, ndi amalume a malemu, a Laurenti, nkhalamba yowonda yachipewa chosachoka kumutu.

"Sitinabwere kudzalemera," anayamba a Laurenti. "Tabwera kudzachotsa mwana wathu m'nyumba muno, kuti aliyense atenge kachidutswa komukumbukirira. Chimene wapatsidwa, landira ndi manja awiri. Pamkeka wa malemu sipasankhidwa, ndipo sipakanidwa. Jesinta, tsegula."

Jesinta anamasula kiyi pachitenje. Atsikana awiri anayamba kutulutsa zovala, mtolo ndi mtolo, mpaka pamkeka panamera phiri lamitundumitundu. Jesinta ankanyamula chovala m'mwamba, kuchikutumula, kutchula dzina la wolandira.

"Mayo ine, ili anavala paukwati wa mwana wa a Yakobe," wina ankatero, n'kupukuta msozi. Msoziwo usanaume, diso linali litapita kale pa diresi lotsatira.

Zinkayenda bwino. Panali kung'ung'udza pang'ono pa nsapato zazitali, ndi kuyang'anizana pa mawigi, koma aliyense ankagwada, kuomba m'manja, kulandira. Kenako mtsikana wina anatuluka ndi mtolo wotsiriza, waung'ono, wosita bwino, udakali pamahang'ala. Chiyamiko anauzindikira nthawi yomweyo: zinali zovala zake.

Jesinta ananyamula siketi yakuda ndi zala ziwiri, ngati wagwira khoswe kumchira.

"Ichi n'chiyaninso? Mng'ono wanga ankasunga zimenezi?"

Anaiponya pambali, pakamulu ka matawulo akutha ndi masokosi opanda anzake. Thalauza linatsatira, mabulauzi, jekete. Palibe anatambasula dzanja. Raymond anamuyang'ana mlongo wake mwachidule, diso lonena kuti waona? Ndipo zikanathera pomwepo. Dzuwa likanapendeka, alendo akananyamula matumba awo, Chiyamiko akanatola zovala zake n'kukutumula fumbi.

Koma panali Vailet, msuweni wa malemu, mayi wosatha kukhala manja ali chete. Poyembekezera kuti ayambe kugawa zitenje, anakoka jekete ija pakamulu kaja, n'kuitembenuzatembenuza, n'kulowetsa dzanja m'thumba.

"Komatu ndi yokhuthala," anatero. "Ingathandize pothyola tiyi m'mawa, mame aja."

Mwina akanaibweza. Vailet ankangoyankhula monga amayankhulira anthu pamsika, kugwira chinthu chosafuna kugula. Koma Chiyamiko anaona jekete yake ili m'munda wa tiyi, dengu litaikwirira kumsana, mapewa amene a Hafizi anawakonza kawiri konse atanyowa mame. Pakamwa panatseguka pokha.

"Pepani alamu, jeketeyo ndi yanga."

Onse anacheukira kumpopi. Wayilesi ya kwa aneba inamveka bwinobwino ikulengeza za mpira.

Jesinta anatembenuka pang'onopang'ono. "Wati chiyani mwanayu?"

"Ndati jeketeyo ndi yanga, ndi zina zili pakamulu apo. Ndinkangosungiza m'wadiropu ya alamu chifukwa kuchipinda kwanga kumadontha."

"Mwamva?" Jesinta anaomba m'manja kamodzi, n'kuyang'ana azimayi anzake. "Mwamva anthuni? Tinkangomva pawayilesi, lero taziona ndi maso. Dothi la pamanda lisanaume, akuchimuna ayamba."

"Sindikufuna za malemu, ngakhale mpango. Ndikufuna zanga zokha. Mkuja ndikupita nazo kuntchito."

"Kuntchito! Tamvani, iwo amagwira ntchito. Ife ndife mbuzi, timangodya udzu. Zanuzo zinalembedwa dzina, asisi?"

"Sizinalembedwe."

"Nanga sabata yonseyi munali kuti osanena? Mumadikira muone kaye zimene zituluke?"

Apa munthu wanzeru akanagwada n'kulira. Misozi ikanagula chifundo cha azimayi awiri kapena atatu, ndipo nkhani ikanapita kuseri kwa nyumba kukakambidwa monong'ona. Koma Chiyamiko anaphunzitsidwa kuti mlandu umatha ndi umboni. Anadzuka, anatola siketi yakuda, anaigwira m'chiuno ndi manja awiri n'kuitambasula kuti onse aone.

"Taonani nokha sayizi yake. Siketi iyi alamu akanailowa bwanji? Ngakhale mwendo umodzi sukanakwana."

Anayankhula modekha, ngati akuyankha funso m'kalasi. Mfuu imene inatsatira inathamangitsa nkhuku pansi pa mpopi.

"Akuyeza chiuno cha mtembo!" anakuwa Jesinta, manja ali kumutu. "Olive mng'ono wanga, dzuka udzamve! Unkaphikira njoka m'nyumba muno! Unkadyetsa munthu amene ankakuyeza ndi maso!"

"Ndiye mukuti achemwali anali mvuu?" anafunsa Vailet, jekete ataikumbatira tsopano pachifuwa ngati mwana.

"Sindinatero."

"Mwatero! Tonse tamva!"

"Mng'ono wanga analowa m'nyumba ino ali wowonda ngati bango," Jesinta anapitiriza, akuloza Raymond osamuyang'ana. "Mwina anasunga kasiketiko kuti azikumbukira utsikana wake, umene achimwene anuwa anaudya n'kumusiya ndi bipi. Mukudziwa chiyani inu za mumtima mwa mkazi wapabanja? Digiri imaphunzitsa zimenezo?"

Aneba anali atayamba kusuzumira pampanda. A Laurenti anagogoda ndodo pansi mpaka phokoso linatsika.

"Mwini nyumba alipo," anatero. "A Raymond, tithandizeni. Zovala izi ndi za ndani?"

Raymond anayang'ana siketi imene ankaiona pafupifupi m'mawa uliwonse ikutuluka pakhomo pake. Anayang'ana azimayi a ku Thyolo, maso awo onse ali pa iye ngati mivi. Anayang'ana mitu ya aneba pampanda. Mlongo wake yekha ndiye sanamuyang'ane.

"Amalume, ine zovala za azimayi sindizidziwa," anatero. "Zinali m'wadiropu ya mkazi wanga."

"Basi," anatero a Laurenti. "Chotuluka m'chipinda cha malemu ndi cha malemu. Mtsikana, bweza siketiyo pamkeka."

Chiyamiko anaipinda kawiri, monga ankachitira nthawi zonse kuti isakwinyike, n'kuiika pansi. Anabwerera pamalo pake pafupi ndi mpopi.

Kamulu kamene palibe ankakafuna kanasanduka chuma. Jesinta anakakokera pakati pa mkeka, ndipo anagawa mosafulumira, chovala chilichonse akuchikweza m'mwamba nthawi yaitali kuti mwini wake achitsanzike. Thalauza lotuwa linapita kwa mkazi wa mkulu wa mpingo, mayi amene chibadwire sanavalepo thalauza.

"Ndikadula zigamba," anatero mayiyo mokweza, akulandira ndi manja awiri.

Bulauzi yoyera inapita uku, yamizere uko. Siketi yakuda anapatsidwa Vailet, kumupepesa chifukwa jekete Jesinta anamulanda n'kunena kuti imeneyo atenga yekha, azikumbukira tsiku limene anaona mtima wa akuchimuna.

Zitenje zitatha, pamkeka panatsala chovala chimodzi chimene Jesinta anali atakhalira dala. Linali diresi la lesi yagolide, lalitali mpaka pansi, lamanja otukumuka ngati mabaluni, lodzaza timikanda tonyezimira. Olive analisoketsa kuti akavale paukwati wa mnzake wa saluni, ndipo anthu ankati tsiku limenelo mkwatibwi sanaoneke. M'diresi limenelo akanalowamo a Chiyamiko awiri, wachitatu n'kumasuzumira.

"Sitingaiwale mlamu wa malemu," anatero Jesinta, mawu atawathira shuga. "Anakhala naye nyumba imodzi. Bwerani asisi. Ili ndiye sayizi yake simuikayikira. Mukavale mkuja kuntchito kwanuko."

Azimayi anaseka m'zitenje. A Laurenti anayang'ana Chiyamiko, ndodo ili chilili. Pamkeka wa malemu sipakanidwa.

Chiyamiko anadzuka, anayenda mkeka wonse, anagwada pamaso pa Jesinta, anaomba m'manja katatu n'kutambasula manja awiri. Diresilo linali lolemera ngati bulangete lonyowa.

"Zikomo alamu," anatero.

"Zikomo ya pakamwa," anayankha Jesinta.

Alendo ananyamuka dzuwa likadaswa mtengo. Wadiropu nayo anaikweza pakagalimoto ka hayala pamodzi ndi makina oumitsira tsitsi. Jesinta anatsogola kupita kusiteji atavala jekete yabuluu pamwamba pa bulauzi yake, kunja kukutentha chotere. Mabatani sanakumane, manja anathera pazigongono, ndipo mikono yake inali tang'a ngati nkhuku yoopseza mphamba. Thukuta linkayenderera m'khosi, koma sanaivule. Chiyamiko anaimirira pampanda n'kumvetsera, kudikira kuti msoko wa kumsana ulire. Sunalire. Anali atausankha bwino.

Raymond anamupeza pomwepo.

"Ndinakuuza kuti ukhale chete."

"Munandiuzadi."

"Ukanangodikira pang'ono. Vailet uja akanaiponya pansi."

"Mwina."

"Nanga umafuna nditani? Ndimenyane ndi mtundu wonse chifukwa cha kaunjika?"

Chiyamiko anamusiya pampanda pomwepo. Analowa kuchipinda kwake n'kuponya diresi lija pabedi. Anayala maganizo ake onse, ndipo onse anali afupiafupi. Mwezi unali pakati, m'chikwama munali za minibasi zokha. Mnzake woti angabwereke siketi analipo ku Chilomoni, koma anali wamfupi ndi wokonda zothina, zoti Madamu akangoziona mpando upita kwa wina. Kupempha tchuthi china kunali kudzichotsa yekha ntchito. Anali ndi bulauzi imodzi yoyera, nsapato zakuda pansi pa bedi, ndi phiri la golide lonunkhira mafuta a Olive.

Analiyang'ana diresilo mwaudani kwa nthawi. Kenako, popanda kuganiza, manja ake anachita zimene ankachita ndi chovala chilichonse chobwera pafupi nawo. Analitembenuza kunja kukhale m'kati.

Lesi imaonetsa thupi, tsono telala aliyense amaiyalira nsalu ina pansi. Ambiri amaika kansalu kopepuka koterera, kongotseka maso a anthu. Koma Olive sankadziwa kuumira pa chovala. Pansi pa golide yense uja panali nsalu yakuda, yokhuthala, yosanyezimira, yogwa bwino, kuyambira pachifuwa mpaka kumapazi. Chiyamiko anaitikita pakati pa zala. Anaikoka m'litali, anaikoka m'lifupi. Anaikweza pawindo kuti aone ngati dzuwa lingadutse. Silinadutse.

M'mawa wa Lamulungu, anthu akupita kutchalitchi, iye anakhala pakhonde ndi lezala latsopano, diresi lili pamiyendo. Ankadula ulusi umodziumodzi, mosamala kuti asalase nsalu. Timikanda tina tinkathothoka n'kugubudukira pabwalo, nkhuku n'kumatijompha n'kutilavula.

Raymond anatuluka ndi kapu ya tiyi, n'kuima chilili.

"Ukutani?"

"Ndikusula."

"Chiyamiko, wapenga? Limenelo ndi diresi la Olive! Analikonda kuposa onse. Ndinamuperekeza ndekha kukagula nsalu yake!"

Chiyamiko anadula ulusi wina, anauchotsa ndi chikhadabo, n'kuupemerera kumbali.

"Dzulo munati zovala za azimayi simuzidziwa, achimwene."

Raymond anapendeketsa kapu osadziwa. Tiyi anatayikira pachala chake koma sanamve.

"Aneba akuona," anatero potsiriza. "Zikamveka ku Thyolo kuti wang'amba chovala cha malemu sabata isanathe bwino, udziwa mmene atinenere?"

"Anena kale. Ananditcha njoka pamaso panu. Ndipo anandipatsa okha, ndinalandira ndi manja awiri, anati ndikavale kuntchito. Ndikungomvera akuluakulu."

Nsalu yakuda itasiyana ndi lesi, anaipinda n'kuika m'jumbo. Lesiyo anaikutumula, n'kuipereka kwa mchimwene wake. Inali yopepuka tsopano, yoonekera, manja ake otukumuka ali lende.

"Mbali imene munkaidziwa ndi iyi. Sungani."

A Hafizi Lamulungu amasoka, tsiku lawo lopuma ndi Lachisanu. Anaiyala nsaluyo pathebulo, anaisisita ndi chikhatho, anayang'ana timabowo ta ulusi wakale m'mphepete. Nkhani ya dzulo inali itafika kale pasiteji, ndipo kondakitala wina anali atayamba kuitana Chiyamiko kuti "a sayizi". Koma telalayo sanafunse kanthu za kumene nsaluyo yachokera.

"Ngati yakale ija?" anafunsa.

"Ngati yakale ija. Itsike pang'ono pamawondo. Ndikupatsani kumapeto a mwezi."

"Nsaluyi ndi yambiri. Itsala."

"Yotsalayo musataye. Mwezi wa mawa tidzaona ngati singatuluke kajekete kopanda manja."

Lolemba Chiyamiko anakwera minibasi ya ku Limbe atavala bulauzi yoyera ndi siketi yakuda. Mayi wina wa pampanda paja anakhala naye mpando umodzi, ndipo ulendo wonse anayang'ana pawindo, thumba lake atalifungatira ngati wakhala ndi wakuba. Chiyamiko analipira yake n'kuyang'ana kutsogolo.

Madamu anafika iye atakhala kale pampando. Anaima pakhomo, diso linayamba kumutu monga mwa masiku onse, linatsika pabulauzi, linafika pasiketi, linaima pang'ono, linapitirira mpaka kunsapato.

"Pepani ndi zovuta," anatero Madamu. "Mafayilo a sabata yatha ali m'dirowa. Muyambe ndi amenewo."

Analowa mu ofesi yake n'kutseka chitseko.

Chiyamiko anatsegula dirowa. Mwezi unali usanathe, ndipo mpaka uthe bulauziyo inayenera kuchapidwa madzulo aliwonse n'kuuma pofika m'mawa, siketiyo osapuma ngakhale tsiku limodzi. Kunyumba mchimwene wake sankamuyankhula. Ku Thyolo dzina lake linali litafika iye asanabwerereko. Anakhala tsonga, n'kusalaza nsalu pamawondo. Ngakhale anali ataisita ndi simbi yotentha, inkanunkhirabe mafuta aja, okoma mopyoza, amene ankadzaza nyumba yonse Olive akamapita kuukwati.

Chitseko chagalasi chinatseguka, mlendo woyamba analowa akupukuta thukuta.

"Takulandirani, bambo," anatero Chiyamiko. "Tikuthandizeni chiyani?"